Funsani Amalume: Chithunzi cha pa salaula, ndichitaye kapena ndichipente?

FUNSO: Amalume, mwezi watha ndikusankha makatani pa salaula kumsika wa Soweto ku Lusaka ndinaona chithunzi cha felemu yagolide. Pali nyanja, phiri loyera ndi chipale chofewa, kanyumba kofuka utsi ndi mbawala ziwiri. Ndinagula chifukwa cha felemuyo, koma bambo a ana akuti pabalaza sachifuna. Kusukulu ndinkajambula bwino. Kodi ndingapentepo zanga? Ndiyambire pati? Mayi wa ana atatu, Chilenje

YANKHO: Amayi, mungapente ndithu, koma burashi idikire kaye. Tembenuzani chithunzicho, wongolani timisomali takumbuyo, muchitulutse m'felemu. Pitani nacho panja masana, muchiyang'anitsitse chapafupi. Mukaona timadontho ting'onoting'ono tondondozana, dziwani kuti chinasindikizidwa pa makina ndipo zinzake zilipo zambirimbiri. Palibe amene adzalire mukachisintha. Zina amazipaka mankhwala otukuka pamwamba kuti zioneke ngati zamanja, koma mudzaona kuti mizere yake sikutsatana ndi mtengo kapena phiri lojambulidwalo.

Mukapeza kuti ndi penti weniweni, wounjikana pena ndi pena, dzina lili pakona, imani. Pitani nacho ku Henry Tayali Art Centre ku Showgrounds, kumene kumasonkhana ojambula, akachione. Tayali, wojambula wotchuka wa ku Zambia amene malowa anapatsidwa dzina lake, anamwalira mu 1987, ndipo anthu akamasamuka kapena akamagawana katundu wa womwalira, ntchito za ojambula athu akale zimatha kuthera pamsika popanda wozizindikira. Phiri lanu la chipale chofewalo si la Tayali, zimenezo ndingalumbire, koma chizolowezi chofunsa chikhalepo. Mu 2012 agogo ena a ku Borja ku Spain anati akonze nkhope ya Yesu yomwe inkafufuta pakhoma la tchalitchi, ndipo dziko lonse linaseka zimene zinatulukapo.

Tsono tinene kuti chanucho ndi chosindikiza, monga ndikuganizira. Musachimate penti woyera kuti muyambe pachabe. Mukatero ndiye kuti mwagula thabwa. Kukoma kwa ntchito imeneyi ndi kusiya nyanja, phiri ndi mbawalazo zili momwemo, inu n'kulowetsamo mlendo. Si zachilendo ayi. Asger Jorn wa ku Denmark ankagula zithunzi zotere m'misika ya zakale n'kupentapo, ndipo mu 1959 anazionetsa ku Paris. Pa chimodzi anaika mwana wa bakha wamkulu kuposa nyumba imene waima pambali pake.

Ine amene ndakalambira kulemba zikwangwani za masaluni ndi timabala ku Kabwata ndinganene kuti mlendoyo achokere mu Lusaka momwe muno. Minibasi itaima m'mbali mwa nyanjayo, kondakitala akulendewera pachitseko kuitanira mbawala. Kapena mayi wa chitenje akukupiza mbaula pakhomo la kanyumbako, kuzizira konse kuja. Kapena Findeco House, nyumba yosanja yaitali ija ya m'tauni, ikusuzumira kuseri kwa phiri. Sankhani chimodzi basi. Achinyamata amene amandionetsa zawo amalakwa pamenepa: aikamo minibasi, kantemba, galu, chikwangwani cha mpira, mpaka woona sadziwa poti aseke.

Jambulani kaye mlendoyo papepala wamba, mudule ndi sizasi, muzimusuntha pachithunzipo mpaka apeze malo. Kukula kwake muyese ndi chitseko cha kanyumba kaja. Kenako funsani kuti dzuwa la m'chithunzicho lili kuti. Onani mbali imene mithunzi ya mitengo yagwera, ndipo mthunzi wa minibasi yanu ugwere komweko. Ngati yaima pafupi ndi madzi, ioneke pang'ono m'madzimo chozondoka. Mitundu ya penti musaitenge momwe yatulukira m'chubu, imawala mopitirira. Sakanizanimo pang'ono mtundu wa thambo la pachithunzipo kuti izime, ifanane ndi zakalezo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amayi. Chikachitidwa bwino, mlendo wobwera kwanu amayamba wati “kokongola kumeneku”, kenako n'kudzidzimuka kuti kondakitala wafikako bwanji.

Za penti ndi izi. Pukutani fumbi ndi burashi yofewa youma. Jik, sopo ndi madzi ambiri zisayandikire. Ngati ndi pepala lopyapyala, limateni kaye pa hadibodi ndi guluu woyera wa akalipentala, apo ayi likwinyika likanyowa. Ngati pamwamba ndi poterera, palani pang'ono ndi sandipepa wosalala pamalo pokhapo pamene mupente. Gwiritsani ntchito acrylic, penti wa ojambula wosungunula ndi madzi. Penti wa mafuta amagwira pamwamba pa acrylic, koma acrylic pamwamba pa wa mafuta amadzasupuka. Penti wa zitseko wotsala m'chitini musayese. Nthawi yotentha ya Okutobala acrylic amauma musanamalize kusakaniza, choncho pentani m'mamawa, penti muike pa kansalu konyowa m'sosala. Zikauma, pakani vanishi wopyapyala chithunzi chonse kuti chatsopano ndi chakale ziwale mofanana.

Felemu yanu yagolideyo muyang'ane ngati ili ndi timabowo totuluka ufa, chifukwa tizilombo timeneto tingasamukire ku mipando. Felemuyo musaipale ana ali pafupi, penti wakale wina amakhala ndi mtovu. Popachika, matani zitsekerero za mabotolo kumakona akumbuyo kuti mphepo izidutsa, nkhungu ya nthawi ya mvula isagwire. Dzina la mwini woyamba likhale, lanu mulembe pansi pake. Bambo a anawo muwafunse nambala ya basi imene akufuna ilembedwe, muona ngati sakhomera okha msomali.

FUNSO: Amalume, ndapenta zotere zinayi ndipo anzanga akuzikonda. Ndingagulitse? Mnyamata wa ku Mtendere

YANKHO: Mphwanga, gulitsa. Lamlungu pita pamsika wa zamanja wa pa Arcades, tsiku lina ukazungulire ku Kabwata Cultural Village, ukaone mitengo ya anzako usanatchule wako. Powerengera uphatikize felemu, penti, vanishi, ndalama ya basi ndi masiku amene wakhala pansi. Wogula umuuze zoona, kuti chithunzicho unachipeza pa salaula ndipo chako ndi chimene wawonjezerapo. Ambiri amagula chifukwa cha nkhani yomweyo. Chimene sindikulangiza ndi kuchijambula pa foni n'kusindikiza makope ambiri ogulitsa, kapena kudzazamo tizidole ta m'makatuni a pa TV, chifukwa zimenezo zili ndi eni ake mwalamulo. Pa zinayizo, chimene ukuchikonda kwambiri usagulitse msanga, uzionetsa nacho anthu ofuna kukupatsa oda.