Kanema wa "nyenyezi yagwa": weniweni kapena wopanga?

Mayi wina wanditumizira imelo pamodzi ndi kanema waufupi. Akuti: "Kanemayu wabwera pa gulu lathu la pachibale la pa WhatsApp. Ena akuti ndi mwala wochokera kumwamba umene wagwa usiku wathawu, ena akuti ndi zopanga pa kompyuta, ndipo mkangano wake wakula. Kodi munthu wamba ngati ine, wopanda zipangizo zilizonse, ndingasiyanitse bwanji?" M'kanemamo muli chimoto chofiira chokoka utsi wakuda bii, chikutsika pang'onopang'ono, kamera ikuchitsatira bwinobwino, mpaka chikugwera kuseri kwa nyumba n'kuphulika, chiphokoso chake n'kumveka nthawi yomweyo.

Zikomo mayi pofunsa musanatumize kwa ena. Kanema wanuyo ndi wopanga, ndipo chimene chamuulula msanga ndi phokoso lija.

Miyala imeneyi imalowa mumpweya wa dziko lathu pa liwiro la makilomita pakati pa 11 ndi 72 pa sekondi, ndipo imayamba kuwala ili pamwamba kwambiri, makilomita 80 mpaka 120 kuchokera pansi. Yambiri ndi timchenga ndi timiyala timene timapsa n'kutheratu komweko. Ikuluikulu imatsika mpaka makilomita 30 kapena 20 isanasweke. Tsono phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndiye kuti kilomita imodzi limaidutsa m'masekondi atatu. Mukudziwa kale mmene mphezi imachitira: ikang'anima kutali, bingu lake limafika mochedwa. Apanso n'chimodzimodzi, kungoti kuchedwa kwake n'kwakukulu. Chinthu chikaphulika pa makilomita 30, ngakhale chili pamutu panu penipeni, mudikira mphindi imodzi ndi theka musanamve kanthu.

Izi zinaoneka bwino ku Chelyabinsk, ku Russia, m'mawa wa pa 15 February 2013. Mwala wa mamita pafupifupi 20 unalowa pa liwiro la makilomita 19 pa sekondi n'kuphulika pamtunda wa makilomita pafupifupi 30. Kunawala kuposa dzuwa, kenako kunali zii. Anthu anathamangira pa mawindo kukaona chimzere cha utsi chimene chinatsala kumwamba. Patadutsa mphindi ngati ziwiri, kwina kuposa pamenepo, mphepo ya kuphulikako inafika n'kuswa magalasi, ndipo anthu pafupifupi 1,500 anavulala, ambiri ndi magalasiwo. Mukaonera makanema enieni a tsiku limenelo mupeza munthu akujambula utsi, akucheza ndi anzake, mwina akuseka, kwa nthawi yaitali ndithu, kenako mwadzidzidzi phuu! ma alamu a magalimoto n'kuyamba kulira paliponse. Opanga makanema abodza alibe nthawi yodikira choncho. Amadziwa kuti woonera akufuna moto ndi phokoso pamodzi, ndiye amamupatsa zomwezo.

Chinanso chimene chalakwika m'kanema wanuyo n'choti chimotocho chikufika pansi chikuyaka. Mwala ukatsika kufika kumene mpweya ndi wochuluka, mpweyawo umauchepetsa liwiro mpaka kuwala kumazima, ukadali makilomita ambirimbiri kumwamba. Kuchokera pamenepo zidutswa zake zimangogwa ngati mwala uliwonse, osawala, kwa mphindi zingapo, ndipo zimafika pansi zozizira kapena zofunda chabe. Mu July 2024, kamera ya pakhomo la nyumba ina ku Charlottetown, ku Canada, inajambula mwala wotere ukugwa pabwalo. Mukanakhumudwa mukanauona: palibe moto, palibe utsi, kafumbi kotuwa kangoti buu pansi, ndi kaphokoso ngati kuswa chinthu cholimba, basi. Ku Winchcombe, ku England, zidutswa zimene zinagwa pa 28 February 2021 anazipeza m'mawa ngati kamulu ka makala osweka panjira yolowera pakhomo.

Si kuti mwala sungakumbe dzenje. Ku Carancas, ku Peru, pa 15 September 2007, unakumba dzenje la mamita pafupifupi 13 m'lifupi. Koma zimenezo n'zosowa kwambiri moti akatswiri amakambabe za tsikulo mpaka pano. Nthawi zambiri mukaona "dzenje la mwala wakumwamba" likuyaka moto, dziwani kuti pali amene akukunamizani. Mu October 2009 kunatuluka kanema wa dzenje loyaka pafupi ndi tauni ya Mazsalaca ku Latvia, nkhani n'kufika m'manyuzipepala a mayiko ambiri. Akatswiri atafika kutawala anapeza kuti dzenjelo linakumbidwa ndi mafosholo, ndipo kampani ya mafoni ya Tele2 inavomera kuti inakonza zonsezo pofuna kudzitsatsa. Ngakhale pa tsiku la Chelyabinsk lomwe, lomwe makanema enieni anali mbwee, anthu anafalitsa kanema wa chidzenje chamoto n'kumati ndi pamene mwalawo wagwera. Linali dzenje la gasi la Darvaza ku Turkmenistan, limene lakhala likuyaka kwa zaka zambiri. Chidutswa chachikulu chenicheni chinaboola madzi oundana a nyanja ya Chebarkul, ndipo anachivuula mu October chaka chomwecho, cholemera makilogalamu oposa 500.

Apa pali msampha umene umagwira ngakhale anthu oona mtima. Munthu amene waona chimoto chotere ndi maso ake amalumbira kuti chagwera kuseri kwa phiri lapafupi. Sakunama, maso ndiwo am'pusitsa, chifukwa kumwamba kulibe choyezera mtunda. Pa 2 June 2018, kamera yachitetezo ya pafamu ina pafupi ndi Ottosdal ku South Africa inajambula chimoto chikutsika ngati chikugwera kumapeto kwa munda. Zidutswa zake anakazipeza ku Central Kalahari Game Reserve ku Botswana, makilomita mazana angapo kuchokera pafamupo. Choncho kanema woonetsa kuwala kukuzimirira kuseri kwa mitengo kapena kwa nyumba akhoza kukhala weniweni. Amene akuonetsa malawi, fumbi ndi zidutswa zikuuluka pamalo pamene chagwera ndiye wokayikitsa.

Funsaninso kuti wojambulayo anadziwa bwanji. Nyenyezi yothothoka wamba imatha sekondi isanakwane. Chimoto chachikulu chimatenga masekondi atatu, asanu, mwina khumi. Nthawi imeneyo siyokwana kupisa m'thumba, kutsegula foni ndi kuyatsa kamera. N'chifukwa chake makanema enieni ambiri amachokera ku makamera amene amajambula nthawi zonse: a pagalimoto, achitetezo, a pakhomo, ndi amene akatswiri amaloza kumwamba usiku wonse. Kapena munthu amakhala akujambula zina. Mwala wa ku Peekskill, ku New York, wa pa 9 October 1992, umene unaphwanya kumbuyo kwa galimoto yoimika, unajambulidwa ndi anthu 16, ambiri a iwo ali pa masewera a mpira a m'masukulu ndi makamera kale m'manja. M'makanema otere chimoto chimalowera pakona, wojambula amachedwa, amachiphonya, chithunzi chimagwedera. Wanuyo kamera inali itayang'ana kale kumwamba kopanda kanthu, ngati ikudikira mlendo wopangana naye.

Yang'ananinso pansi, osati kumwamba kokha. Chinthu chowala choncho chikamadutsa usiku, msewu, makoma ndi madenga zimawala nawo, ndipo mithunzi ya mitengo ndi mapolo imazungulira mofulumira motsatira kuyenda kwake. Kamera nayo imasokonezeka: chithunzi chimayera mbuu, kenako chimada kwa kanthawi isanakhazikike. Ku Chelyabinsk mithunzi ya mapolo a magetsi pabwalo lalikulu la mumzindawo inathandiza anthu kuwerengera njira imene mwalawo unadzera. M'kanema wanu moto uli kumwamba kokha, makoma a nyumba sakusintha mtundu ngakhale pang'ono.

Komabe ndisakunamizeni kuti makanema onse osocheretsa ndi opanga. Ambiri amene ine ndimawaona ndi enieni, bodza lili pa mawu amene alembedwa pamwamba pake.

Ena akuonetsa chinthu chenicheni chimene sichili mwala. Zotsalira za maroketi ndi masetilaiti zikamabwerera zimayenda makilomita 7 kapena 8 pa sekondi, pang'onopang'ono poyerekeza ndi miyala, ndipo zimadutsa chopingasa, osati kutsika mozondoka. Zimaoneka ngati gulu la nyali zambiri zoyenda limodzi, chilichonse ndi mchira wake, kwa theka la mphindi, mphindi yathunthu kapena kuposa. Izi ndiye anthu amazijambula bwino pafoni chifukwa nthawi imakhalapo. Zimene anthu a ku Seattle ndi Portland ku America anaona usiku wa pa 25 March 2021 chinali chigawo cha roketi ya Falcon 9, ndipo zimene zinaoneka ku Sarawak ku Malaysia kumapeto kwa July 2022 zinali za roketi ya China ya Long March 5B. Makanema onsewa anayenda ndi mawu akuti ndi miyala kapena nyenyezi. Palinso mzere woyera umene ndege imasiya kumwamba: dzuwa likamalowa umafiira ngati moto, ndipo ndege ikamapita kutali mzerewo umaoneka ngati ukutsika pansi. Ngati "chimoto" chikukhala kumwamba mphindi zisanu anthu akuchiloza ndi kuitana anzawo, imeneyo ndi ndege.

Ena ndi a mwala weniweni, koma wakale ndiponso wa kwina. Makanema a Chelyabinsk akhala akubatizidwa maina a mizinda yambiri kuyambira 2013. Apa chochita n'chosavuta. Imitsani kanema pamene chithunzi chikuoneka bwino, jambulani sikirini, ndipo fufuzani chithunzicho pa Google Lens kapena TinEye, masamba amene amaonetsa kumene chithunzi chinatulukapo kale pa intaneti. Mukachipeza pa tsamba la zaka zapitazo, nkhani yatha. Musanafike n'komwe pamenepo, onani zikwangwani, manambala a magalimoto, mbali ya msewu imene akuyendetsa, chinenero cha anthu akukuwawo, zovala zawo ndi nyengo. Makamera a pagalimoto ndi achitetezo amalemba tsiku ndi nthawi pakona. Ngati pakonapo padulidwa kapena paphimbidwa ndi chizindikiro, funsani chifukwa chake. (Wotchi ya kamera imatha kulakwika ndithu, choncho tsiku lolakwika palokha si umboni wa chinyengo.)

Tsopano pali makanema opangidwa ndi AI, ndiye kuti mapulogalamu a kompyuta amene amapeka okha zithunzi ndi makanema, monga Sora ndi Veo, ndipo wanuyo ndikumuganizira kuti ndi wa mtundu umenewu. Anthu amalangiza kuti muziyang'ana zilembo zopindika pa zikwangwani, mawaya a magetsi amene akuthera m'malere, anthu othamanga mwachilendo. Zimathandiza lero, koma mapulogalamuwa akukonza zolakwikazi mwezi ndi mwezi, ndipo chizindikiro chimene amaika pakona munthu amangochidula. Masamba amene amati amazindikira kanema wa AI nawonso amalakwitsa mbali zonse ziwiri, makamaka kanema akadutsa pa WhatsApp kangapo n'kufooka. Ine sindiwadalira.

Chimene ndimadalira kwambiri chili kunja kwa kanemayo. Chinthu chowala pa makilomita 50 kapena 80 kumwamba chimaoneka kwa anthu okhala motalikirana makilomita mazanamazana. N'zosatheka kuti chioneke pa foni imodzi yokha. Chimoto chobiriwira chimene chinadutsa ku Spain ndi Portugal usiku wa pa 18 May 2024 chinatuluka m'makanema ambiri pasanathe maola ochepa, wina chikuchokera kumanzere, wina kumanja, wina pamutu penipeni, malinga ndi kumene wojambula anaima, ndipo kamera ya bungwe la European Space Agency ku Cáceres, ku Spain, inachijambulanso. Wabodza angapange kanema mmodzi wokongola, koma sangapange makanema makumi a anthu osadziwana, m'matauni osiyana, onse ogwirizana pa nthawi ndi kumene chinalowera.

Ndiye funsani amene watumiza kuti zachitika kuti, tsiku liti, nthawi yanji. Kanema wopanda malo ndi tsiku, wongoti "usiku wathawu", ndi wokayikitsa kale. Mukapeza malo ndi tsiku, pitani pa masamba a American Meteor Society ndi International Meteor Organization, pamene anthu a m'mayiko osiyanasiyana amalemba zimene aona ndipo zimaikidwa pa mapu. Zimoto zikuluzikulu zimalembedwanso pa mndandanda wa CNEOS, nthambi ya bungwe la NASA yolondola miyala yodutsa pafupi ndi dziko lathu, ngakhale kuti pamenepo zimachedwerapo kutuluka. Dziwani kuti malipotiwa amachuluka ku Ulaya ndi ku North America. Kumadera kumene anthu sadziwa za masambawa chinthu chenicheni chikhoza kusowapo. Kumeneko fufuzani dzina la malowo pa Facebook kapena X muone ngati anthu ena a m'deralo akunena zomwezo ndi makanema awoawo, osati kungogawana yemweyo. Mukapanda kupeza kanthu, dikirani tsiku limodzi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nkhani yeniyeni ya mtundu uwu sitenga tsiku isanatsimikizidwe ndi akatswiri a zakuthambo.

Achibale anu amene akuti kanemayo ndi weniweni, musakangane nawo za AI, mungotopa. Afunseni kuti apeze kanema wachiwiri wa chimoto chomwecho wojambulidwa pamalo ena. Ndipo tsiku lina mukadzaona chenicheni, mayi, lembani nthawi yomweyo ola ndi mphindi, pamene munaima, mbali imene chinachokera ndi kumene chinazimira, masekondi amene chinawala, komanso ngati munamva phokoso ndi nthawi imene linatenga kuti lifike. Fomu ya International Meteor Organization imafunsa zimenezi, ndipo aliyense akhoza kuilemba ngakhale alibe kanema.