Kupikula katundu kudzera pa njanji ya ku Nayuchi

Achemwali, mwafunsa ngati munthu wa mpamba wochepa angapindule popikula katundu ku Mozambique pogwiritsa ntchito sitima ya pamtunda, komanso mwafunsa chifukwa chimene ife oyenda njira imeneyi sitilonjeza tsiku lofikira. Mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi, ndipo lagona pa mmene njanjiyo inamangidwira.

Njanji yochokera ku Limbe imadzera ku Blantyre n'kulowera kumpoto mpaka pa Nkaya, kufupi ndi Balaka, pamene pali mphambano. Nthambi ina imapitirira ku Salima, ku Lilongwe ndi ku Mchinji mpaka ku Chipata, koma yathu ndi imene imakhotera kummawa, kuwoloka Shire pa Liwonde ndi kukafika pa Nayuchi m'boma la Machinga. Nthambi imeneyi inatsegulidwa mu 1970 kuti dziko lathu lizifika padoko la Nacala. Tsidya lina la malire pali Entre Lagos, dzina lachipwitikizi lotanthauza kuti malowo ali pakati pa nyanja ziwiri, chifukwa Chilwa ali kummwera ndipo Chiuta ali kumpoto. Kuchoka pamenepo kukafika ku Cuamba ndi makilomita 77.

Chofunika kuchimvetsa ndi chakuti njanjiyi ndi ya mzere umodzi. Sitima ziwiri zochokera mbali zosiyana sizingadutsane paliponse, koma pa masiteshoni ndi pamalo opatukira pamene anaikapo kanjanji kena pambali, ndipo imodzi imayenera kuima pamenepo mpaka inzake itadutsa. Chimangireni kampani ya Vale njanji yatsopano yochokera ku migodi ya malasha ku Moatize m'dziko la Mozambique, yodzera ku Chikwawa, ku Mwanza ndi ku Neno n'kudzalumikizana ndi yakale pa Nkaya, chigawo cha pakati pa Nkaya ndi Nayuchi chinatanganidwa kwambiri. Sitima za malasha zimakoka mabogi opitirira 100 paulendo wa makilomita 912 wopita ku Nacala-a-Velha, ndipo munthu akaima pambali n'kumaziwerenga amatopa asanaone bogi lomaliza. Kunena mwachilungamo, malasha omwewo ndi amene anachititsa kuti njanji ya chigawo chimenechi ikonzedwe n'kukhala yolimba monga ilili lero, choncho sindidandaula sitima yathu ya anthu ikapatuka kuti iwapatse njira. Chimene ndimachita ndi kuwerengeratu maola odikirawo.

Phunziro limeneli ndinalilipira ndi ndalama zanga. Paulendo wanga wachiwiri ndinagula madengu atatu a tomato wakupsa, poganiza kuti madzulo omwewo ndikhala nditafika naye pamsika. Tinaima pamalo opatukira dzuwa lili paliwombo, ndipo ndinkangoona madzi ofiira akudontha pansi pa dengu n'kumayenderera pakati pa mapazi a anthu. Wolakwa ndinali ine ndemwe, popeza ndinatengera katundu wofulumira kuwola pa ulendo wosafulumira. Kuchokera tsiku limenelo ndimanyamula zinthu zolemera koma zopirira, monga mchere, mafuta ophikira, sopo, zitenje ndi nsomba zouma, chifukwa phindu la sitima lili pa kulemera. Matumba amene pa minibasi angakudyereni theka la phindu, pa sitima mumalipirira ndalama yochepa.

Sitima ya anthu siyenda tsiku lililonse, ndipo imathera pa Nayuchi. Muyenera kufunsa kusiteshoni sabata yomweyo musananyamuke, osadalira zimene wina anakuuzani mwezi watha. Mukatsika mumadinditsa chiphaso chanu ku ofesi yoona za anthu olowa ndi otuluka, kenaka mumawoloka malire wapansi kapena pa kabaza. Ambiri a ife timapikula pafupi pomwepo kapena ku Cuamba, koma amene akufuna zitenje zambiri amapitirira mpaka ku Nampula, ulendo umene pa sitima umatha pafupifupi tsiku lathunthu. Ndalama ya kumeneko ndi metikali, ndipo ndi bwino kudziwa mtengo wosinthira musanayambe kukambirana ndi aliyense. Kuwerenga manambala m'Chipwitikizi kumathandiza, ngakhale kuti kufupi ndi malire Chinyanja ndi Chilomwe zimamveka ndithu.

Pobwerera, katundu yense amaonetsedwa kwa a bungwe lotolera misonkho la MRA. Sungani malisiti onse ngakhale atang'ambika, chifukwa popanda lisiti mtengo wa katundu wanu amauyerekeza okha, ndipo simukhala ndi poimira potsutsa. Musasokoneze njira iyi ndi ya ku Mchinji. Ndondomeko yopeputsira amalonda ang'onoang'ono ya bungwe la zamalonda la maiko la COMESA, imene anzathu opita ku Zambia amaigwiritsa ntchito, siigwira ntchito kuno, popeza Mozambique sali m'bungwe limenelo. Kulemba bogi lathunthu kapena kontena yochokera ku Nacala ndi nkhani ya anthu a mpamba waukulu, oitanitsa feteleza ndi tirigu kapena otumiza kunja shuga ndi nandolo, ndipo kumafuna ajenti wokiliya katundu.

Nyengo ya dzinja ndi imene muyenera kuiopa, pakuti mvula yamphamvu imakokolola dothi la pansi pa njanji ndi kugumula milatho. Mlatho wa pa Rivirivi, kufupi ndi Balaka, utakokoloka mu 2003, sitima zopita ku Lilongwe zinaima kwa nthawi yaitali, ndipo madzi atadula njanji pa Chiromo mu 1997 anthu a ku Bangula ndi ku Nsanje anangotsala ndi msewu. N'chifukwa chake kuyambira Januwale mpaka Malichi sindiika mpamba wanga wonse pa ulendo umodzi, ndipo ndimasunga padera ndalama ya galimoto yochokera ku Nayuchi kudzera ku Ntaja. Ngati mwatsimikiza mtima, dikirani mvula ithe, ndipo ulendo woyamba tidzapitire limodzi mutangotenga ndalama ya matumba awiri a mchere.