Makala ndi athu omwe, bwanji akukwera limodzi ndi dizilo?

FUNSO: Zikomo alangizi. Kuno kwathu dizilo akangokwera, thumba la makala nalo limakwera, parafini ndiye osanena. Chonsecho makalawa amawotchedwa konkuno. Vuto lili pati, ndipo tingatani kuti moto usamatithere ndalama? Ndine mayi wa ku Bangula.

YANKHO: Mayi, makala amawotchedwadi konkuno, koma lole yowanyamula imamwa dizilo, ndipo wamakala wa panjinga naye amagula sopo ndi mchere zimene zakwera chifukwa cha dizilo yemweyo. Onjezani ogula a ku Blantyre amene mukulimbirana nawo thumba lomwelo.

Dziko lathu lilibe zitsime za mafuta. Petulo, dizilo, parafini ndi gasi wophikira timagula kunja ndi madola, ndipo zambiri zimalowera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bungwe loona za mafuta ndi magetsi la MERA lidakweza mitengo ya mafuta. Ethanol wopangidwa m'dziko mwathu muno ku kampani ya PressCane, wochokera ku molasesi wa nzimbe, amasakanizidwa ndi petulo basi, choncho sachepetsa mtengo wa dizilo.

Mtengo simungausinthe, koma moto wotayika mungauchepetse. Ndiwo zimene zimadya makala kwambiri ndi nyemba ndi nandolo wouma. Zinyikeni m'madzi usiku wonse. M'mawa ziwiritseni mphindi 20 mpaka 30, zibwate ndithu, kenako ikani poto wovundikira m'dengu lomwe mwayalamo mankhusu a mpunga, thonje losagulika kapena masanza, zochindikala masentimita 10 pansi, m'mbali ndi pamwamba. Pakatha maola 3 kapena 4 zapsa. Ambiri zimawakanika pa zifukwa zitatu: kuvundukula kuti aone (nthunzi ikathawa, basi kwatha), kuphika tochepa m'poto wamkulu, ndi kuyala zonyowa. Zikakhalamo tsiku lonse mpaka kuzizira, ziwiritseninso musanadye.

Ngati mungathe, siyani makalawo, muphikire nkhuni pa chitetezo mbaula, mbaula yadothi yosatha nkhuni zambiri. Powotcha makala m'uvuni wa dothi, mitengo yambiri imangothera mu utsi. Mapesi a nandolo, zitsononkho ndi tinthambi touma zimayaka bwino m'mbaulayi, bola musadzaze khomo lake, mpweya uzilowa. Pogula mbaulayi igogodeni: yowotchedwa bwino imalira ngwee, yosapsa imalira mogontha ndipo sichedwa kung'aluka.

Za parafini, musayese kumuchulukitsa ndi petulo, nyali imaphulika. Musamusungenso m'botolo la zakumwa. Mwana akamwa musamusanzitse, chifukwa parafini amalowa m'mapapo. Thamangirani naye kuchipatala.

Kuchigwa kuno kuzizira n'kwa masiku owerengeka mu Juni ndi Julaye, koma ndi nthawi yomweyo imene anthu amalowetsa mbaula kuchipinda n'kutseka zitseko. Makala amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo, ngakhale utsi usakuoneka. Wotherani pakhonde, mbaula igone panja.