Funsani za kompyuta: MySQL 5.7 ikugwira bwino, ndiisinthirenji?

FUNSO: Ndili ndi sitolo ya simenti, malata ndi misomali pafupi ndi msika wa pa Mangochi Boma. Mu 2019 mwana wa achemwali anga anatiikira pulogalamu yolembera katundu ndi ngongole za makasitomala, ndipo imayendera MySQL 5.7. Iyeyo pano ali ku Joni. Sabata yatha mnyamata amene amatikonzera pulinta anati MySQL yathu yakalamba, tiike 8.4. Koma ine sindikuona vuto lililonse. Kodi ndisinthe, kapena akungofuna ndalama zanga? Mayi wa pa Boma.

YANKHO: Mayi, mnyamatayo sanakunamizeni. MySQL ndi pulogalamu yosunga deta, momwe pulogalamu ya sitolo yanu imasungamo zonse zomwe mumalemba. Kampani ya Oracle, yomwe ndi mwini wa MySQL kuyambira 2010, inasiya kusamalira 5.7 mu Okutobala 2023, ndipo yomaliza kutuluka inali 5.7.44. Tanthauzo lake n'lakuti anthu akuba pa intaneti akapeza polowera lero, palibe amene adzatsekepo. Choncho kusintha muyenera kusintha ndithu. Chimene ndikukupemphani n'chakuti musamulole kuti angofika mawa m'mawa, makasitomala ali pamzere, n'kuyamba kudinadina.

Kusintha kulipo kwa mitundu iwiri, ndipo anthu ambiri amasokoneza. Kuchoka pa 5.7.30 kupita pa 5.7.44 kuli ngati kusintha oilo mu injini ya boti, pamene kuchoka pa 5.7 kupita pa 8 ndi kutsitsa injini yonse n'kukweza ina. MySQL 8.0, yomwe inatuluka mu Epulo 2018, inasintha mmene imasungira mbiri ya matebulo ake (mindandanda yosungiramo deta), ndipo ikangoyamba kugwira pa deta yanu simungabwererenso ku 5.7. Njira yobwerera ndi imodzi yokha: backup, kutanthauza kope la deta yanu yonse, yomwe munatenga musanayambe. Komanso simungadumphe kuchoka pa 5.7 kukafika pa 8.4. Muyamba mwakwera pa 5.7.44, kenako 8.0, kenako 8.4. Pa 8.0 musakhazikikepo, chifukwa Oracle inalengeza kuti imeneyonso chisamaliro chake n'cholekezera mu Epulo 2026. Ya 8.4 inatuluka mu Epulo 2024 ndipo ndi ya gulu lomwe amati LTS, losamalidwa zaka zambiri.

Musanapite patali, muuzeni mnyamatayo alembe lamulo lakuti SELECT VERSION(), lomwe limaonetsa nambala ya MySQL yomwe muli nayo. Ndipo inu muone ndi maso anu chimene chituluke. Ana asukulu ambiri amaika XAMPP, phukusi la mapulogalamu angapo oikidwa pamodzi, ndipo XAMPP ya zaka za posachedwa imabwera ndi MariaDB, pulogalamu ina yofanana ndi MySQL, ngakhale pa batani pake palembedwa kuti MySQL. Zikakhala choncho manambala onse ndatchulawa sakukhudzani, njira yake ndi ina.

Tsopano nkhani ya backup, pomwe ine mtima wanga umakhala. Ndinaitanidwapo pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja cha ku Monkey Bay, komwe mwini wake anandionetsa fulashi yodzaza ndi mafayilo, lililonse lili ndi deti lake, mwezi ndi mwezi. Titatsegula limodzi tinapeza mitu ya matebulo yokha, dzina la mlendo ngakhale limodzi munalibe. Mwini lojiyo anangokhala pansi n'kugwira tsaya. Fayilo yomwe simunaiyesepo kuibwezeretsa musamaidalire. Mnyamata wanuyo atenge backup ndi chida cha MySQL chotchedwa mysqldump, aikopere pa fulashi ziwiri, imodzi mupite nayo kunyumba. Kenako abwere ndi laputopu yake, aikemo MySQL yatsopano, athiremo deta yanuyo, ndipo pulogalamu ya m'sitolo aiyendetse pamenepo kaye. Inu mukhale pambali pake ndi buku lanu la ngongole. Sankhani kasitomala amene mumadziwa ngongole yake pamtima, onani ngati ndalama zikufanana, werengani matumba a simenti, sindikizani risiti. Ngati muli ndi mayina olembedwa ndi ŵ, aoneninso, chifukwa 5.7 inkangoyambira pa njira yosungira zilembo yotchedwa latin1 yomwe ilibe chilembo chimenechi, pamene 8.0 imayambira pa utf8mb4, ndipo posamutsa deta mayina otere nthawi zina amasanduka tizizindikiro tosadziwika.

Poyesapo pali zinthu ziwiri zomwe kawirikawiri zimagwetsa mapulogalamu olembedwa nthawi ya 5.7. Choyamba ndi mawu. Chilankhulo cha SQL, chomwe mapulogalamu amalankhulira ndi MySQL, chimakula, ndipo 8.0 inatenga mawu monga RANK, GROUPS ndi SYSTEM kukhala akeake. Ngati mwana wa achemwali anu anatcha tebulo la magulu a makasitomala kuti groups, dzina lomwe aliyense angaliganize, pulogalamu idzangoima n'kulemba uthenga wa syntax error mpaka dzinalo litakutidwa ndi tizizindikiro ta backtick (`) paliponse pomwe likupezeka. Chachiwiri ndi pasiwedi. Mu 8.0 njira yotsimikizira munthu inasintha kukhala caching_sha2_password, yomwe PHP yakale (chilankhulo cholembera mapulogalamu ngati yanuyi) siidziwa, ndipo mu 8.4 njira yakale ya mysql_native_password imabwera yozimitsidwa. Ndiye mwina PHP nayonso ifunika kukwezedwa. Apa m'pofunika kumulembera wa ku Joni uja pa WhatsApp kuti atumize pasiwedi ya root, yomwe ndi akaunti yaikulu ya MySQL, anenenso PHP imene anagwiritsa ntchito. Mu MySQL Shell mulinso chida chotchedwa checkForServerUpgrade chimene chimasanthula deta yanu n'kutchula mavuto ngati amenewa chisanasinthe kalikonse. Ngati mnyamatayo sanachimvepo si mlandu, koma achiphunzire asanagwire kompyuta ya sitolo.

Za ndalama, mulipireni ntchito yake, chifukwa ndi ntchito ya masiku angapo ikachitidwa moyenera. Koma mtundu wa MySQL wotchedwa Community pawokha ndi waulere, wina asakuuzeni kuti pali laisensi yogula.

Tsiku lenileni losinthira likhale Loweruka madzulo mutatseka, kuti Lamulungu lonse likhale lokonzera ngati china chavuta. Magetsi athu mukuwadziwa. Akazima MySQL ili mkati mosintha mafayilo ake, deta ikhoza kuwonongeka, choncho musayambe opanda UPS (chipangizo chosunga magetsi) kapena batire la sola lodzaza bwino. Backup ina itengedwe madzulo omwewo, pambuyo pa risiti yomaliza.

Podikira tsikulo, kompyuta ya sitolo isakhale yomwe anyamata anu amaoneraponso mpira ndi Facebook. Ngati pulogalamuyo imagwira pa kompyuta imodzi yokha, ichotseni pa intaneti, ndipo mnyamatayo atseke port 3306, lomwe ndi khomo lolowera mu MySQL, kuti wa kunja asaifikire.