Masipeya a GR86 yatsopano angalowe pa Toyota 86 yakale? Kuyankha achimwene a ku Joni

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene amakhala ku Johannesburg, dzina lawo ndisunga. Nkhani yawo ndi iyi: ali ndi Toyota 86 ya 2013, yamanyuwo, ndiye pa sikirapu ina apezapo GR86 yatsopano ija imene inachita ngozi ndipo akuigulitsa chiwalochiwalo. Akufunsa kuti atengepo chani chimene chingalowe pa galimoto yawo, koma ukawerenga bwino imeloyo ukuchita kuona kuti mtima wawo wonse uli pa injini ya GR86 ya malita 2.4.

Achimwene, za pansi pa galimoto tengani, za thupi zisiyeni pompo, injiniyo muyambe mwakhala pansi ndi kakyuleta. Ndifotokoze.

Magalimoto awiriwa ndi pachibale kwambiri kuposa momwe amaonekera. Yakale ija inatuluka 2012, chasisi yake amaitcha ZN6, mapasa ake a Subaru BRZ ndi ZC6. Yatsopano inatuluka 2021, ndi ZN8, ya Subaru ZD8. Onsewa amapangidwa pa fakitale ya Subaru ku Gunma, ku Japan, ndipo ichi muchisunge m'mutu chifukwa chibweranso. Pokonza yatsopanoyi sanayambe chilichonse kuchokera pachiyambi ayi, anatenga mafupa a yakale yomweyo n'kuwalimbitsa, akuti thupi linalimba pafupifupi 50 peresenti pa nkhani yopotoka, n'kuiveka chovala china. Mtunda wa pakati pa tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo unali 2570 mm, pano ndi 2575 mm. Mamilimita asanu basi, kachala ka mwana sikalowapo. Ndiye mukagona pansi pa zonse ziwiri muona zinthu zambiri zikumangidwa malo omwewo.

Chosavuta kuposa zonse ndi marimu. Onse awiri ndi mabowo asanu pa bwalo la 100 mm, kapena kuti 5x100, bowo lapakati 56.1 mm, ndiye rimu ya GR86 kaya ndi 17 kaya 18 inchesi ingolowa pa yanu popanda kukangana nayo. Apa ndipatuke pang'ono chifukwa cha anzathu akumudzi amene akuitanitsa 86 kuchokera ku Japan. Munthu amamva kuti 5x100 n'kunena kuti aaa ndiye marimu a Allion, Premio kapena Prius alowatu, si zonse ndi Toyota. Mabowo asanuwo agwirizanadi, koma bowo lapakati la ma Toyota amenewo ndi 54.1 mm, laling'ono, rimu siikhala pa habu. Manati nawonso ndi osiyana, 86 imatenga M12x1.25 ya Subaru pomwe Toyota wamba ndi M12x1.5, ukakakamiza umadya mazinga a sitadi basi. Galimotoyi baji ndi ya Toyota koma miyendo ndi ya Subaru, ndiye mukamasaka sipeya muzifunsanso kwa ogulitsa za Subaru.

Mabuleki ndi nkhani yabwinonso. Ma disiki akutsogolo a 294 mm ndi makalipa ake ndi banja limodzi pa mibadwo yonse iwiri, ndipo n'chifukwa chake ogulitsa mapadi ambiri amalemba nambala imodzi pa 86 yakale ndi GR86. Chenjezo ndi lakuti ma 86 ena akale a giredi yotsika a ku Japan anabwera ndi ma disiki ang'onoang'ono, 277 mm, ndiye yambani mwayeza yanu. Ikakhala yaing'onoyo musagule disiki yokha, tengani kalipa ndi bulaketi yake yonse pamodzi, apo ayi mubwerera ku sikirapu kawiri.

Tsopano mashoko ndi masipuling'i. Kutsogolo onse ndi a mtundu wa MacPherson, kumbuyo mtundu wa double wishbone, ndipo malo omangira sanasinthe, moti makampani ambiri a ma coilover (mashoko obwera pamodzi ndi masipuling'i ake) amagulitsa seti imodzi ya magalimoto onse anayi, 86, GR86 ndi ma BRZ onse awiri. Kulowa zilowa. Koma kulowa ndi kwina, kuyenda bwino ndi kwina. Kulimba kwa masipuling'i anakusintha, ndiye mukaika atsopano kutsogolo kokha n'kusiya akale kumbuyo galimoto yanu iyamba makhalidwe achilendo pa kona, ndipo iyi ndi galimoto yokankha ndi matayala akumbuyo imene ngakhale ili bwinobwino imakonda kugwedeza mchira. Tengani onse anayi kapena musatenge. Komanso musaiwale kuti mwaipeza pa sikirapu. Mbali imene inagundidwayo, shoko, control arm, habu, zonsezo zitha kuoneka zowala koma zitapindika pang'ono moti diso silingaone, mudzazindikira kwa a alayimenti tayala litatha kale mbali imodzi. Chikomekome cha mkuyu chimenecho. Ine ndingatenge za mbali imene sinakhudzidwe, ndipo ma airbag ndi malamba a galimoto yangozi sindingawayandikire n'komwe.

Pali kamsampha kena kamene ambiri sakadziwa. Pa mbadwo watsopanowu GR86 ndi BRZ anazisiyanitsa dala. BRZ yatsopano ili ndi ma knuckle akutsogolo (zogwirira habu ya tayala) a aluminiyamu pomwe GR86 inatsala ndi achitsulo, ndipo stabilizer yakumbuyo (chitsulo choletsa galimoto kupendekeka pa kona) pa BRZ imamangidwa ku thupi la galimoto pomwe pa GR86 imamangidwa pa subframe (chimango chapansi chogwira miyendo yakumbuyo) ngati momwe zinalili pa yakale. Ndiye kwa inu a ZN6, GR86 ndiye m'bale wapafupi. Wina akakuuzani kuti BRZ ndi GR86 ndi chimodzimodzi ingotengani, pa stabilizer imeneyo akupwetekani.

Difu, yogawa mphamvu ku matayala akumbuyo, ndi ya mtundu womwewo wa Torsen, koma yang'anani reshiyo. Yanu ya 2013 ndi 4.1, zamanyuwo zimene zinatuluka itakonzedwa nkhope mu 2016 anazipatsa 4.3, GR86 yamanyuwo inabwerera ku 4.1 ndipo ya otomatiki ndi 3.9. Ikakhala kuti yapasikirapuyo ndi otomatiki, difu yake pa injini yanu ya 2.0 ipangitsa galimoto kukhala yaulesi ponyamuka. Ekizozi yakumbuyo nayo imadutsa njira yomweyo, chovuta chimangokhala momwe mapaipi akuthera pa bampala.

Za thupi sindichedwapo. Bampala, magetsi, boneti, mafenda, chitseko cha buti, dashibodi, zonse ndi zina. Yatsopano denga ndi mafenda akutsogolo ndi aluminiyamu, mafendawo ali ndi zibowo zotulutsira mphepo. Munthu wa panel beating waluso atha kukakamiza chilichonse, koma ndalama yake ndi yosayenera.

Tifike pa injini tsono, pamene pali mtima wanu. Ndikumvetsa chifukwa chake. Injini yanuyo, FA20, imene a Toyota amaitcha 4U-GSE, imatulutsa mphamvu ya mahatchi 200 (PS) ndi mphamvu yokoka 205 Nm, koma mphamvu yokoka imeneyo imabwera mochedwa, kupitirira 6000 rpm, ndipo cha m'ma 4000 pali kachigwa kodziwika kamene galimoto imakhala ngati yapuma kaye. Kuonjezera apo muli ku Joni, mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja, mpweya ndi wopepuka ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu yooneka ndithu, n'chifukwa chake Polo ya turbo imakuvutitsani pa maloboti. Injini ya GR86, FA24, imatulutsa 235 PS ndi 250 Nm pa 3700 rpm pomwepo, ndiye ndendende pamene yakale imagona yatsopano ndi pamene yadzuka. Kusiyana kwake kuli pa kukula kwa masilinda: yakale ndi 86 mm m'mimba ndi 86 mm sitiroko, yatsopano anaikuza m'mimba kufika 94 mm, sitiroko n'kuisiya 86 yomweyo. Ndiye za mkati monga mapisitoni, maring'i ndi gasiketi ya hedi iwalani, sizisinthana.

Kuika injini yonse, chitsulo chokha si vuto lalikulu, zonse ndi boxer (masilinda ake ndi ogona chammbali) za banja limodzi ndipo anthu kunjaku achitapo. Mutu umawawa pa mawaya. Kompyuta ya injini ndi ina, mawaya ndi ena, immobiliser (choletsa galimoto kulira ndi kiyi wachilendo) imafuna kiyi wake, mita ya GR86 ndi sikirini pomwe yanu ndi ya mivi, ndipo makompyuta onsewa amalankhulana, imodzi ikasowa mnzake galimoto siilira kapena ilira dashibodi yonse itayaka magetsi ngati Khirisimasi. Ndiye mukufunika injini, mawaya onse, kompyuta, makiyi, kapena kompyuta yapadera yochita kutchuna, kuphatikiza auto electrician amene anaigwirapo ntchito imeneyi, osati wophunzirira pa galimoto yanu. Nambala ya injini ikasinthanso mapepala ayenera kusintha, kumeneko zimadutsa ku polisi, ndiye wapasikirapuyo akupatseni risiti ndi mapepala a injiniyo. Mukawerengera zonse, kawirikawiri mupeza kuti kugulitsa yanu n'kuonjezera ndalama kugula GR86 yoyenda kukutulukirani bwino, ndipo muigulitsanso mosavuta mtsogolo kusiyana ndi galimoto yosakaniza. Ngati chikukuwawani ndi kachigwa ka pa 4000 kaja, header (mapaipi a ekizozi ochokera pa injini) yabwino ndi kutchuna kompyuta yanu yomweyo zimakachepetsa kwambiri pa ndalama yochepa.

Wina asakunamizeninso ndi dzina. FA24 imapezekanso mu WRX yatsopano ndi Outback ya turbo, FA20 imapezeka mu Forester XT ndi Levorg, koma amenewo ndi ma injini a turbo, mkati ndi mosiyana, alibenso ma injector awiri pa silinda a D-4S amene Toyota inaika pa 86. FB20 ya mu Impreza ndi XV ndiye ndi nyama ina.

Tsiku lopita ku sikirapuko nyamulani nambala ya chasisi yanu, lembaninso ya galimoto yangoziyo, ndipo sipeya iliyonse muione nambala yake pa katalogu ya Toyota kapena ya Subaru musanalipire. Nambala zikafanana tengani osaopa. Zikasiyana, chotsani yakale pa galimoto yanu mupite nayo mukaziike pambali n'kuyeza ndi tepi. Ine ndikanakhala inu ndikanabwerako ndi marimu, mabuleki ndi mashoko onse anayi ngati ali owongoka, ndipo mundilembere mundiuze kuti GR86 imeneyo ndi manyuwo kapena otomatiki tione za difuyo.