Chilembo chimodzi chinatigwetsera webusaiti ku Bembeke

Achimwene, mwafunsa za pulogalamu yomangira webusaiti ya malangizo: musavutike kwambiri ndi kusankha pakati pa MkDocs ndi Hugo, chifukwa zonse ziwiri zimagwira ntchito bwino. Chimene chinandipweteka ine ndi munthu amene anatiikira zinthuzi.

Ndimasamala buku la malangizo la kagulu kathu ka alimi a mbatata ya kachewere kuno ku Dedza, lofotokoza mmene makalaliki azilembera zokolola ndi ngongole za mbewu pa foni. Tinalemba ganyu mnyamata wina wa ku Lilongwe, ndipo anatiikira MkDocs pamodzi ndi GitHub Actions (makina a GitHub, malo a pa intaneti osungirako mafayilo athu), kuti ndikasintha fayilo ya Markdown, momwe timalemba mawu a tsamba, n'kuchita push, kutanthauza kuitumiza ku GitHub, masamba azimangika okha n'kukaonekera kwa anthu pa intaneti kudzera pa GitHub Pages. Anatisonyeza kamodzi, domeni yathu (adiresi ya webusaiti yathu) anailumikiza pambuyo pake, tinamulipira zonse, iye n'kumapita.

Tsiku la maphunziro ku Bembeke, m'mawa wa chisanu cha mu June, anthu atakhala kale pa mabenchi, ndinaona kuti mawu amodzi pa tsamba loyamba alembedwa molakwika. Ndinatsegula laputopu, ndinakonza chilembo chimodzi chokha, ndinachita push pa bandulo ya pa foni yanga, ndipo chizindikiro chobiriwira chinatuluka kusonyeza kuti zonse zayenda. Pasanathe mphindi zisanu, mayi wina wa kutsogolo anakweza foni yake n'kunena kuti, "Abambo, kwa ine kukungobwera 404." Nambala imeneyi imatanthauza kuti tsamba silikupezeka. Wachiwiri ananenanso chimodzimodzi, kenako chipinda chonse. Manja anga ananjenjemera moti ndinalephera kulemba pasiwedi kawiri, ndipo thukuta linatsika m'msana ngakhale ndinali nditavala juzi ndi jekete. Apampando sanalankhule kanthu, anangondiyang'ana, pamene ena mwa anthuwo anali atadzuka m'bandakucha n'kulipira kabaza ndi ndalama zawo.

Mnyamata uja ndinamuimbira mpaka foni inatentha, koma sanayankhe. Repository yonse, nkhokwe ya mafayilo athu pa GitHub, anaitsegula m'dzina lake, motero ine sindikanatha kulowa mu Settings kuti ndione chimene chasokonekera. Anayankha tsiku lachitatu, ndipo mawu ake oyamba anali akuti timuonjezere ndalama chifukwa imeneyi ndi ntchito yatsopano. Kodi munthu wa chilungamo angamange nyumba ya anthu n'kupita ndi makiyi m'thumba? Zimandiwawa mpaka lero, makamaka chifukwa vutolo analisiya ndi iyeyo. Domeni anangoilemba mu Settings, ndipo GitHub inaika kafayilo kosunga dzina la domeni, kotchedwa CNAME, mu nthambi ya gh-pages, gawo la repository lomwe masamba omangidwa amakhala. Koma mkdocs gh-deploy, lamulo lomwe makina amayendetsa ndikachita push, imalemba nthambi imeneyo mwatsopano nthawi iliyonse, ndipo chilichonse chimene sichinachokere mu foda ya docs, momwe timasunga zolemba zathu, chimafufutika. Push yanga inachotsa kafayilo ka mzere umodzi kameneko, domeni n'kusowa kolowera. Masamba onse anali amoyo pa adiresi ya github.io tsiku lonselo, ine osadziwa, uku ndikuwerengera anthu malangizo kuchokera pa laputopu ngati mphunzitsi wa sitandade 1.

Choncho tsegulani organization (akaunti ya gulu) pa GitHub m'dzina la bungwe lanu, ndipo wa ganyu aliyense azilowa ngati mlendo amene mungathe kumuchotsa. CNAME muiike mu foda ya docs. Mu requirements.txt, fayilo yotchula mapulogalamu ofunika, lembani nambala yeniyeni ya version ya MkDocs ndi ya theme yanu (maonekedwe a masamba), kuti zisadzasinthe zokha inu mukugona, ndipo muonjezere --strict pa mkdocs gh-deploy kuti linki yolozera tsamba lomwe kulibe iziimitsa ntchito isanafike kwa anthu. Mukatero, siyirani makina zonse, musawaope, ndipo nthambi ya gh-pages musaigwire ndi dzanja ngakhale kamodzi. Ine komabe kuchokera tsiku limenelo sindichita push kukatsala masiku awiri kuti tikumane ndi alimi, ndipo popita ku Bembeke ndimanyamula bukulo losindikiza pa mapepala m'chikwama.