Kodi mapulogalamu a AI tiwakhulupirire pa mabuku a ndalama?

Mayi wina wa ku Matawale, yemwe amasunga mabuku a ndalama pa kampani ina yaing'ono, wandilembera pa imelo kufunsa ngati n'koyenera kukhulupirira pulogalamu ya AI (ya pa kompyuta yoyankha mafunso ngati munthu) imene abwana ake akufuna kuti ayambe kugwiritsa ntchito. Mayi, funso lanu landikumbutsa bambo amene anandiphunzitsa ntchitoyi kuno ku Zomba.

Bambowo sankaikhulupirira Excel ngakhale pang'ono. Ndikamaliza kuwerengetsa malipiro a antchito pa kompyuta, ankatulutsa kakyuleta yawo yofufutika manambala n'kuwonkhetsanso mzere uliwonse, magalasi ali pamphuno, mpaka dzuwa kubisala kuseri kwa phiri. Ine ndinkawaseka chamumtima. Patapita miyezi ingapo anayamba kusankha mizere itatu kapena inayi yokha, ndipo ngakhale sananenepo ndi pakamwa, ndinadziwa kuti makinawo awapatsa malo pang'onopang'ono, monga mmene amachitira ndi kalaliki watsopano.

ChatGPT itatuluka mu Novembala 2022, mapulogalamu amtunduwu anachuluka, ndipo ine amene ndinkaseka uja ndinathamangira imodzi. Ndinaipatsa ma invoisi kuti iwerengetse VAT, ndipo inagwiritsa ntchito 15 peresenti ya ku South Africa m'malo mwa 16.5 peresenti imene tinkalipira kuno pa nthawiyo. Chimene chinandiopsa n'chakuti inayankha mwaulemu ndi motsimikiza, mopanda kukayika konse. Kalaliki akalakwitsa amachita chibwibwi, ndipo umamugwira ndi maso. Pulogalamuyi ilibe nkhope yoti uiwerenge.

Apa ndiye sindigonja. Chilango cha MRA chikabwera chimafika pa kampani, ndipo a ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama, amafunsa munthu amene anasaina, osati makina. Ngakhale pa nkhani ya Cashgate ya mu 2013, IFMIS, pulogalamu ya pa kompyuta yoyendetsera ndalama za boma, sinabe tambala. Anali anthu amene ankalowetsa malipiro abodza n'kuwafufuta. Wondiuza kuti "ndi kompyuta yalakwitsa" sindimumvera.

Nanga inu mutani?

Ipatseni kaye ntchito imene yankho lake mukulidziwa kale, monga kufananitsa sitetimenti ya kubanki ndi buku lanu la mwezi watha, ndipo muone pamene ikuphonya. Mitengo ya msonkho muziitsimikiza nokha ku MRA, ndipo mayina a antchito pamodzi ndi malipiro awo musawalowetse mu pulogalamu imene simukudziwa kumene imasunga zinthu. Abwana anu akafulumira, apempheni miyezi itatu.